Mpando wa Bambo Ake

Aphunzitsi a mwana wanga wamkazi anandiitana Lachinayi, tsiku la msika. Ndinasiyira kaunjika wanga mnzanga wogulitsa nsapato, munthu amene sindimukhulupirira, n'kupita.

Pepala la mwanayo analimata pakhoma la m'kalasi, lodzaza ndi inki yofiira.

"Wakhoza zonse, mayi," anatero aphunzitsi. "Tikuphunzira Chingerezi cha achibale, kanenedwe koti chinthu chakuti n'cha ndani pakhomo."

"Sukulu ndinaisiyira panjira ine. Ndiwerengereni m'chilankhulo cha anthu."

Anawerenga. Wailesi ya bambo anga. Njinga ya bambo anga. Bedi la bambo anga. Mpando wa bambo anga. Tsache la mayi anga.

"Bwerezani komalizako."

"Tsache la mayi anga."

Bambo akewo anachoka zaka ziwiri zapitazo atanyamula chikwama chimodzi, nachonso chinali changa. Zonse za papepalapo ndinagula ndekha. Mpandowo ndinali nditautsatsa kale kwa wometa wa pamsika, ndipo Loweruka amabwera kudzautenga.

"Fufutani. Ndi bodza limeneli."

"Sitichonga zoona, mayi. Timachonga Chingerezi."

"Akalemba kuti ndili ndi ndege mumuchonga?"

"Akaika kachizindikiro kosonyeza mwini chinthu pamalo pake, inde."

Ndinati amuitane mwini pepalayo. Analowa akuyang'ana zala zakumapazi, pensulo ili m'manja.

"Wailesi anagula ndani?"

"Inuyo, amayi."

"Njinga?"

"Inuyo."

"Pabedi amagona ndani?"

"Inuyo ndi ine."

"Konza."

Anafufuta, n'kulemba ine m'malo mwa bambo ake. Aphunzitsi ankangoyang'ana kudenga. Atafika pa mpando, mwana uja anaika pensulo m'thumba.

"Mpandowo ayi."

"Ndinausenza pamutu kuchokera kwa kalipentala. Bambo akowo ankayenda kumbuyo akuliza likhweru."

"Ndikudziwa. Koma ankakhalapo ndi iwo."

"Loweruka ukupita kwa wometa."

"Ndinamva. Nanga akadzabwera adzakhala pati?"

Malonda ndimawadziwa. Munthu akakakamira chimodzi, umamupatsa china.

"Chabwino. Abwezere wailesi bambo akowo, mpando ukhale wanga."

"Ayi."

"Wailesi ndi njinga."

"Ayi, amayi."

"Ndiwonjezera tsache."

Anangopukusa mutu. Kuuma kumeneku anatengera ine. Bambo ake akanalolera pa wailesi pomwepo.

Aphunzitsi anafunsa ngati tamaliza, ati belu latsala pang'ono kulira. Ndinati tamaliza. Kumsika ndinapeza wogulitsa nsapato uja atagulitsa siketi zanga ziwiri motchipa.

Loweruka wometa anafika ndi wilibala. Mwana anakhala pachitseko.

"Mtengo wakwera," ndinatero.

"Si tinagwirizana kale, alamu?"

"Tinagwirizana ndisanadziwe kuti mpandowu uli ndi eni ake. Zalembedwa kusukulu, m'Chingerezi."

Anawonjezera pang'ono. Ndinakwezanso. Anawonjezeranso, wamakani naye, ine n'kutchula mtengo woti angagule sofa. Anauyang'ana mpandowo, mwendo umodzi womanga ndi waya, n'kundiyang'ana ine.

"Eni akewo ali kuti?"

"Funsani aphunzitsi."

Anatembenuza wilibala yake n'kumapita, wilo litasiya matope pakhonde ponse.

Mwana analowa m'nyumba, napukuta mpandowo ndi chansalu n'kuuwongola kuti uyang'ane kukhomo. Ndinamudikira amalize, kenako ndinamupatsa tsache.

"Ili ndi la mayi ako," ndinatero. "Akukubwereka. Kasese pakhondepo."