Trout ya Flywell Inabwerera M'madzi

Loweruka lililonse, akaweruka kuntchito kuchipatala cha ku Romford mu London, Flywell ankanyamula mbedza zake n'kupita kukawedza nsomba za trout. Ankabwerako chimanjamanja, koma akuimba mluzu. Mkazi wake Florence anaphatikiza zinthu ziwirizi n'kupeza yankho limodzi: kuli mkazi wina.

Flywell anadzionongera yekha mlandu. Tsiku lina, pofuna mtendere, anadzera ku Peckham n'kugula nsomba yoti anamizire. Sanaganize zoti inali yodula kale mutu, yochotsa minga.

"Abambo a Chelsea," anatero Florence akuitembenuza, "mtsinje wanuwo nsomba zake zimasambira zopanda mutu?"

Loweruka lotsatira Florence ananeneratu: apita nawo, ndipo akapanda kuona nsomba ikuvuuka m'madzi, iye ndi mwana wawo Chelsea asamukira kwa mchemwali wake Ellen ku Wembley.

Anakwera sitima, kenako basi, mpaka pakamtsinje kena kummwera kwa London, kodutsa kuseri kwa malo oimika magalimoto. Maola atatu Flywell anaima m'madzi ofika m'mawondo, akuponya ntchentche yabodza yomanga ndi nthenga. Florence anakhala pamtunda, chikwama pamiyendo, akuunika mkazi aliyense wodutsa ndi galu.

Mwadzidzidzi chingwe chinakungika. Trout yonenepa, yamawangamawanga, yotalika ngati mkono, inalowa m'kaukonde.

"Ambuye ndi abwino!" anafuula Florence, jumbo ili kale m'manja.

Flywell ananyowetsa manja, anachotsa mbedza mofatsa ngati akuchotsa diripi pamkono wa wodwala, n'kuijambula nsombayo pafoni. Kenako anaiika m'madzi, akuigwiririra mpaka itapezanso mphamvu. Inagwedeza mchira, ulendo.

"Mwatani?"

"Ndi lamulo la kalabu yathu, amayi a Chelsea. Timabweza."

"Mumabweza ndiwo?"

"Si ndiwo. Ndi masewera."

"Bwanji osanena masiku onsewa?"

"Mukanandikhulupirira?"

Apo panafika a Roy, mzungu wachikulire, mlembi wa kalabuyo, akuomba m'manja. Anauza Florence monyadira kuti nsombayo onse amaidziwa, anaipatsa dzina loti Betty, ndipo mwamuna wake waigwira kachinayi chaka chino, osaivulaza ngakhale pakamwa.

"Kachinayi," anatero Florence. Anapinda jumbo bwinobwino n'kuibwezera m'chikwama.

Atafika kunyumba, Florence anatsegula chitini cha nyemba, n'kuimbira Ellen foni Flywell akumva.

"Achemwali, sindibweranso. Mkazi kulibe. Ndadzionera ndekha, amakawedzadi."

"Tithokoze Mulungu!"

"Musafulumire. Chikanakhala chibwenzi, ndikanawauza abusa, ankhoswe akanakhala pansi, zinthu zodziwika. Koma mwamuna woti wagwira nsomba m'manja, n'kuijambula, n'kuitsanzika? Kumudzi ndikawafotokozera kuti chiyani?"

Flywell anatsokomola. "Ndiye Loweruka likubwerali ndipite?"

"Pitani," anatero Florence. "Koma podzera ku Peckham, mugule yokhala ndi mutu."