Seva Yanga ndi Mbuzi za Apongozi

Chaka chathunthu ndinakhala ndikumuuza mng'ono wanga Bilali pa foni kuti akadzabwera kuchokera ku Joni adzaona chinthu chimene Machinga yense sanachionepo. Chinthucho chinali seva. Anthu akamva dzinali amaganiza za chinyumba chozizira chodzaza mawaya, koma yanga inali kompyuta yakale ya mu ofesi, yolemera ngati thumba la simenti, imene ndinagula pa okushoni ku Balaka. Inkakhala pabalaza, kunsi kwa tebulo, pamwamba pa njerwa kuopa madzi okolopera.

Chimene chinkandikulitsa mutu n'chakuti kompyuta imodziyo ndinaigawa zipinda. Chipinda chilichonse chinkagwira ntchito ngati kompyuta payokha, osadziwa kuti chikudyera mbale imodzi ndi zinzake. Luso limeneli ndinaliphunzira ndekha pa intaneti, ndipo aliyense amene analakwitsa n'kundifunsa kuti kabokosi kakulira pansipo n'kachiyani, tiyi wake ankazizira ndisanamalize kufotokoza.

Ine Hamadi kwathu ndi ku Ulongwe, koma ndinakwatira kufupi ndi Ntaja ndipo ndimakhala chikamwini kwawo kwa akazi anga, a Habiba. Mkamwini akakhala ndi kanthu, kanthuko n'ka mudzi wonse. Chipinda choyamba munali nyimbo ndi mafilimu amene ndimaikira anthu m'mafoni pa benchi yanga pa Ntaja. Chachiwiri ndinapatsa alamu anga ojambula maukwati kuti azisungamo zithunzi. Chachitatu chinali cha apongozi anga, Abiti Yunusu. Iwo sanapemphe ayi. Ndine ndinadzipereka, pofuna kutchuka. Ndinapachika kamera pa mtengo wa mango moyang'ana khola la mbuzi zawo, n'kukonza zoti azitha kuziona pa foni kulikonse kumene ali. Kuyambira pamenepo apongozi sankapita kuchigayo, kumaliro kaya kumzikiti osaonetsa amayi anzawo mbuzi zikubzikula.

Chipinda chachinayi ndiye chinali changachanga, cha gemu ya mpira. Ine ndi Bilali tinakulira gemu imeneyi m'kachisakasa ka mavidiyo pa Ulongwe, ndipo iye ankandichinya mopanda ulemu, osaganizako kuti ndine mkulu wake. Makolo athu onse anatisiya, tinatsala awiriwiri. Tsopano anali atabwera patapita zaka, kwa masiku ochepa chabe, ndipo basi yobwerera ankayenera kukakwerera ku Balaka Lamulungu masana. Za kubweranso kwake palibe ankadziwa. Ine chimene ndinkafuna chinali chimodzi: tikhale pansi limodzi ngati kale, m'nyumba mwanga, pa makina anga, tisewere.

Atangofika, asanamalize n'komwe kumwa madzi, ndinamupatsira padi yosewerera gemu m'manja. Ndinayatsa gemu ndikuyang'ana nkhope yake m'malo moyang'ana sikirini.

Osewera anatuluka ngati anthu akuwoloka dambo atasenza mitolo. Ukadina kuti amenye mpira, wosewera ankayamba waganiza kaye, mwina kufunsa kwawo, kenako n'kumenya mphepo mpira utapita kale. Goloboyi ankadzigwetsa anzake akukondwerera chigoli. Nthawi zina onse ankangouma pamalo amodzi, miyendo ili m'mwamba.

Bilali anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, anyamata anuwa akusala? Ramazani sinafiketu."

"Taima kaye iwe, n'zazing'ono izi," ndinatero. "Ukamamaliza kusamba ndikhala nditakonza."

Anasamba, anadya, anagona, kunacha. Ine ndinali ndidakali kunsi kwa tebulo.

Ndinayamba ndi kuwonjezera mphamvu ku chipinda cha gemu, kulanda pang'ono kwa alamu anga osawauza. Palibe chinasintha. Ndinafufuta gemu yonse n'kuikamonso. Palibe. Ndinatsegula bokosi n'kupopera fumbi ndi pampu ya njinga, fumbi lonselo n'kuthera pa nsalu zoluka za pamipando, a Habiba n'kundiyang'ana diso limene amuna okwatira okha amalidziwa. Ndinawerenga malangizo a anthu a kumaiko akutali, amene aliyense ankalumbira kuti njira yake ndiyo yeniyeni, ndipo ndinayesa zonse ngati munthu wodwala amene akumwa mankhwala a asing'anga asanu nthawi imodzi.

Bilali ankadzuka, n'kundipatsa moni, ine n'kuyankha ndili chogwada, mutu uli m'mawaya. Kumzikiti Lachisanu anatsogola ndi alamu anga, ine n'kufika mochedwa, n'kutulukanso anthu asanayambe kupatsana moni. Kumsika anapita yekha. Ngakhale manda a makolo ku Ulongwe anakaona yekha, chifukwa tsiku limenelo ine ndinali nditagamula kuti vuto ndi kuchepa kwa memore, kachipangizo kothandiza kompyuta kukumbukira zimene ikuchita. Tinakwera minibasi imodzi mpaka pa Liwonde, iye n'kulowera kumanda, ine n'kulowera ku Balaka kukasaka memore. Ndinazungulira mashopu dzuwa lili paliwombo, ndinaipeza, ndinabwera nayo nditaikulunga m'kansalu ngati chithumwa. Nditaiika, osewera aja anayenda monga kale, mwina kuwonjezerako ulesi.

Mtima unandipsa. Ndinatukwana sevayo, ndinatukwana amene anaipanga, ndinatukwana ndi mzungu wa pa intaneti amene ankamwetulira pofotokoza zinthu zosagwira. Munthu yekhayo amene sindinamutukwane ndi amene anali woyenera kutukwanidwa.

Lamulungu m'mawa, chikwama cha Bilali chili kale pakhomo, ndinatsegula tsamba loonetsa zimene chipinda chilichonse chinapatsidwa. Ndinali nditaliona kambirimbiri, koma nthawi zonse ndinkangoyang'ana chipinda cha gemu. Ulendo uno maso anatsetserekera pa chipinda cha apongozi, ndipo ndinaona pamene panagona vuto.

Mu seva muli kadi imene ntchito yake ndi kujambula zithunzi zoyenda. Gemu popanda kadi imeneyi ili ngati ngolo yopanda ng'ombe. Zina zonse m'bokosimo zimagawika, koma kadiyi mwa ine inkatheka kupita ku chipinda chimodzi basi. Ndipo ine mwiniwakene, ndi manja angawa, ndinali nditaipereka ku kamera ya khola, tsiku lija ndinkafuna kuti mbuzi zizioneka bwino mpaka ndevu, apongozi andiyamikire. Ndinaiwaliratu. Sabata yonse gemu yanga inkakwawa chifukwa chida chodula kuposa zonse m'nyumba mwanga chinali kalikiliki kuonerera atonde akutafuna.

Kukonza kwake kunali kosavuta: kuzimitsa chipinda cha kamera, kusamutsa kadi, kuyatsanso. Koma kuzimitsa mwakachetechete sikukanatheka. Tsiku limenelo mudzi wonse unkapita pa lole ku sadaka kwa Mposa, ndipo ndinkadziwa kuti lole isanafike n'komwe pamsewu waukulu, apongozi akhala atatulutsa foni kuti aonetse anzawo. Akanapeza mdima, lole ikanabwerera. Ndinayenera kukapempha.

Kwathu kuno mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso ngati mnzake wa pabawo. Ndinapita ndi a Habiba. Apongozi anali pamkeka, atavala kale zapaulendo, akumanga mpango. Ine ndinanjuta chapatali, pafupi ndi thandala la mbale, n'kuyang'ana pansi. Iwo anatembenukira kumbali. A Habiba anakhala pakati.

Ndinayamba bwinobwino. Ndinafotokoza za zipinda, za kadi, za mmene chida chimodzi sichingatumikire mbali ziwiri, ndi kuti kusamutsako n'kwa kanthawi chabe. Ndinalankhula mpaka miyendo inachita dzanzi. A Habiba anamvetsera zonse modekha, kenako anatembenukira kwa amayi awo.

"Amama, akuti muwabwereke diso la mbuzi zanu, akasewerere mpira wa pakanema ndi ang'ono awo."

Ndinafuna kutsutsa, koma nditaganiza bwino ndinapeza kuti palibe chimene anasiya.

Apongozi anakonza mfundo ya mpango. Kenako analankhula moyang'ana ku khola.

"Uwauze atenge. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka." Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. "Koma uwauzenso kuti lero pamudzi pano sipatsala munthu, ndipo akuba mbuzi nawonso amva za sadakayi. Mbuzi zanga sizikhala popanda maso. Amene wazimitsa diso lija aikepo ake, mpaka ine nditabwera."

A Habiba anandibwerezera mawu onsewo limodzilimodzi, ngati kuti ndinali kutsidya la Shire, milomo ikunjenjemera ndi kuseka. Mkamwini asamakule mwendo. Ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Sikomo, amama," ndipo lole inanyamuka.

Ndinathamangira kunyumba, n'kuzimitsa chipinda cha kamera, n'kusamutsa kadi, n'kuyatsa. Abale inu, gemu inauluka! Udzu wa m'bwalo unkaoneka umodziumodzi. Ukangokhudza padi, wosewera ankatembenuka nthawi yomweyo ngati wamva dzina lake. Bilali anaimba mluzu.

"Walahi, achimwene, ichi ndi chinthu. Khalani pansi ndikuchinyeni."

"Yamba kaye ndi makina," ndinatero, ndikuika padi yanga patebulo. "Ine ndili ndi ntchito pang'ono."

Khola lili kuseri kwa nyumba ya apongozi, pamalo poti nyumba yathu umangoona denga. Inali nthawi ya dzinja, chimanga chili m'mawondo, ndiye mbuzi zinali pazingwe. Ndinakhala pachitsa, kunsi kwenikweni kwa kamera yanga yakufayo. Katswiri wa makompyuta wa dera lonse la Ntaja, munthu wogawa kompyuta zipinda, tsopano ndinali kugwira ntchito ya kachida kamene ndinakagula ndekha, ndipo kunena zoona iko kankaigwira bwino kuposa ine, chifukwa sikankalumidwa ndi nyerere. Tonde wamkulu anasiya kudya n'kundiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

Kuchokera kunyumba kunkamveka phokoso la ochemerera a mu gemu, kukwera, kutsika, kenako kuphulika. Ndinamva chisoni chenicheni, chimene sindinachimvepo kuyambira pamaliro a bambo. Sabata yonse inali itatha, ndipo za mng'ono wanga ndinkangodziwa kuti wanenepa pang'ono.

Phokoso lija linaleka. Posakhalitsa ndinaona Bilali akubwera, atanyamula mango m'chipewa ndi mpeni. Anakhala pansi pafupi nane, osasamala buluku lake la paulendo.

"Bwanji wasiya? Yayambanso kukwawa?" ndinafunsa, nditadzuka kale theka.

"Iyayi, khalani pansi. Ikuthamanga bwino zedi."

"Nanga?"

"Achimwene, makina ndimasewera nawo tsiku lililonse ku Joni, ndekhandekha m'kachipinda ndikaweruka. Sindinakwere basi ulendo wonse uja kudzachinya makina."

Anasenda bango n'kundipatsa. Tinadya, madzi ake akutsikira m'zigongono. Kenako anayamba kusimba, ine n'kumamvetsera, popeza kunalibe waya woti ndigwire. Anandiuza za ntchito yake ya m'shopu ya matayala, za kuzizira kwa mwezi wa Juni, za mmene amagonera ndi nsapato pafupi masiku amene kunja kwavuta. Anandiuza kuti manda a amayi anamera thengo ndipo analambula yekha ndi khasu lobwereka. Apa ndinayang'ana mbuzi, chifukwa kumuyang'ana iye sindikanatha.

"Pali nkhani ina," anatero, akupukuta mpeni pa udzu. "Alamu anu a Sumaiya ndi oyembekezera. Mwina mwezi wa Epulo."

"Iwe! Ndiye ukundiuza lero?"

"Ndimafuna ndikuuzeni tsiku lomwe ndinafika, koma nkhani yotere sauza msana wa munthu." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Bambo kulibe. Amene watsala ndinu. Mwanayo akadzabadwa, dzina mudzapereka ndinu, achimwene. Pa foni sindinafune kupempha."

Ine amene ndimatha kulankhula za seva mpaka munthu kuiwala kumene amapita, ndinangogwira dzanja lake, lomata ndi mango. Ndinati, "Inshaala." Misozi inatsika, ndipo sindinaibise.

Belu la kabaza wodzamutenga linalira kumsewu. Bilali anadzuka, anasasa fumbi, anakatenga chikwama chake n'kubwera nacho kudzera kukhola. Mwa mwambo wake ndinayenera kumunyamulira chikwamacho mpaka ku Balaka, kumukweza basi, n'kuima pamenepo mpaka itazimiririka. Iye anayang'ana mbuzi, n'kuyang'ana ine.

"Tsalani, achimwene. Zikasowa, akuthamangitsani pamudzi pano."

Ndinamulanda chikwama n'kuyenda naye m'kanjira ka m'chimanga, ndikucheuka pafupipafupi. Pamene khola linayamba kubisika kuseri kwa nthochi, ndinaima n'kumupatsa chikwama chake. Mng'ono wanga, wochokera kutali chotero, ndinamuperekeza mpaka pamene ndinkathabe kuona mbuzi za eni ake.