Yankho Lachiwiri la Wometa

Dzuwa linali litapendeka, mitambo ikungosonkhana koma mvula osagwa, pamene mwana wamkazi wa wometa analowa m'shopu atakumbatira laputopu. Bambo ake anali akuyendetsa makina pamutu pa a Dazi, kasitomala wokhulupirika amene ankabwerabe kudzametetsa tsitsi lomwe linatha kalekale.

"Afika aprofesa," anatero a Dazi. "Tatiuzani, wapambana ndani pa nkhawa, ife kapena amayi?"

Mtsikanayo anali m'chaka chomaliza ku yunivesite, ndipo kafukufuku wake anali woyerekeza nkhawa za amuna ndi akazi oyendetsa mabizinesi awoawo. Anali atafunsa atelala, amagolosale, owotcherera zitsulo, ngakhalenso bambo ake omwe.

"Timayamba ndi ganizo loti palibe kusiyana," anafotokoza. "Kenako manambala amalikana ganizolo kapena kulisiya. Anga alikaniratu. Akuti amayi nkhawa zawachulukira, abambo pafupifupi alibe."

"Ndiye mwakhoza. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ife nkhonyazo tinazizolowera."

A Dazi atatuluka, mtsikanayo anakhala pa benchi osatsegula laputopu ija.

"Sindingapereke zimenezi, bambo. Ndinalakwitsa kafunsidwe. Amayi ndinkawatengera kuseri, tili awiri. Abambo ndinkawafunsa ali pantchito, makasitomala akumva. Inunso munayankha a Dazi ali pampando pomwepo. Ndikapereka chonchi, ndiye kuti ndasainira bodza."

Wometa anatenga tsache n'kuyamba kusonkhanitsa tsitsi. Tsikulo ankalikumbukira bwino. Funso lililonse ankalikana mokweza, shopu yonse n'kumaseka. Koma chitsegulireni anyamata ena shopu ya magalasi akuluakulu tsidya la msewu, tulo tinkamuthawa, ndipo ngakhale mkazi wake anali asanamuuze. Anayang'ana mwana wake. Zaka zonse zija za sukulu zinali zitatsamira pa mayankho a anthu ngati iyeyo.

Anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kutseka chitseko.

"Funsanso."

"Mumagona bwino?"

"Ayi."

"Mwa apo ndi apo, kapena kawirikawiri?"

"Lemba kawirikawiri."

"Mumamva ngati zinthu zikukupulumukani m'manja?"

Wometa anatambasula dzanja lake lamanja n'kuliyang'ana ngati la munthu wina.

"Ili limanjenjemera m'mawa. N'chifukwa chake ndimayamba ndi kusesa. Ndimadikira likhazikike ndisanagwire lezala pakhosi pa munthu."

Anayembekezera kuti mwanayo alira, kapena atulutsa foni kuimbira amayi ake. Iye anangolemba nambala, n'kupita ku funso lotsatira ndi mawu omwe aja, osakwera osatsika. Wometa anayankha onse mpaka kumapeto, ndipo pachifuwa pake panapepuka ngati watula thumba la simenti.

"Dzina lanu silikhalamo," anatero mtsikanayo akutseka laputopu. "Koma za dzanjalo si za kafukufuku. Tipitira limodzi kuchipatala sabata ino."

"Ndamva, mayi." Anatenganso tsache lija. "Wachita bwino kubweranso. Wina akanangotenga zoyamba zija n'kukalandira nazo digiri."

"Mwandithandiza ndinu."

"Ndiye tsopano manambala asintha?"

"Munthu mmodzi sangawagwedeze. Ndiyenera kuwabwerera abambo onse. Mwina kusiyanako kukhalapobe, mwina ayi. Bola chimene ndipeze chikhale choona."

"Wowotcherera uja ukamupeze m'mamawa, antchito ake asanafike. Telala usamufunse mkazi wake ali pafupi. Akavuta, uwauze kuti wometa wayankha kale kachiwiri."

Panja wina anagogoda. Anali dalaivala wa minibasi, ndevu zili nyankhalala.

"Mwatseka masana ano, akulu? Mwalemera?"

"Tinali pamsonkhano ndi aprofesa. Khalani."

Mtsikanayo anatuluka madontho oyamba akugwa. Wometa anakutumula nsalu, naikulunga m'khosi mwa dalaivalayo, n'kuyatsa makina.