Mashiti Pachingwe cha a Silvester

Makina ochapira a kwa a Silvester ku Biriwiri anasiya kulowetsa madzi Lolemba m'mawa. Ukawayatsa ankangong'ung'udza, mkati muli gwa. Makinawo anatumiza ndi mwana wawo Thokozile kuchokera ku Joni, ndipo zaka ziwiri zoyamba anangokhala pakona m'khitchini atafundikidwa kansalu koluka, pamwamba pali duwa la pulasitiki. A Lufina, mkazi wa a Silvester, ankati makina sadziwa kuchapa kolala.

Makinawo anayamba ntchito mu Febuluwale, a Lufina atagwa m'dimba la kabichi n'kufa mbali yakumanja. Anatuluka m'chipatala akutha kukhala pampando ndi kutchula mawu amodziamodzi, koma kudzigwira sankathanso. Zimenezi a Silvester sanauze munthu, ngakhale Thokozile amene. M'mawa uliwonse ankasambitsa mkazi wawo, kuponya mashiti awiri m'makina, n'kukawayanika kuseri kwa chisakasa cha kachewere komwe wodutsa sangaone.

Ankabisa chifukwa cha a Dailes, akulu awo a Lufina, a ku Kandeu. Iwo ananeneratu kuchipatala konkuja kuti mkazi wodwala amasamalidwa ndi akazi anzake, ndipo tsiku limene mng'ono wawo adzayambe kudziyipitsira adzamutenga. A Silvester anakhala ndi a Lufina zaka makumi anayi, ndipo ankaopa nyumba yopanda iwo kuposa mmene ankaopera fungo. Tsopano a Dailes anali ataimba foni kuti abwera Loweruka kudzaona matenda.

A Silvester anayesa kuthira madzi ndi ndowa pa kabokosi ka sopo. Makina analira katatu n'kuzima. Anayesa kuchapa pamanja, koma Juni wa ku Biriwiri sachedwa kuchititsa munthu manyazi: nkhungu tsiku lonse, shiti yofinya ndi manja a nkhalamba n'kukhala pachingwe masiku awiri ikudontha. Anayamba kulonga zakuda m'matumba a feteleza. Pofika Lachinayi a Lufina anagonera katani la pabalaza.

A Silvester za makina ochapira sankazidziwa, koma munthu amene wakonza mapampu opopera mankhwala moyo wake wonse amadziwa kuti madzi akakana kudutsa, mlandu umakhala wa vavu. Anazula pulagi, kutseka mpope, kumasula masikuluwu awiri akumbuyo, chivindikiro n'kuchikankhira uko. Vavu inali pomwe paipi imalowera, kanthu ka pulasitiki kokwana m'dzanja, mbali imodzi yakuda ngati chimanga chopserera. Anaijambula pafoni n'kutumiza kwa a Saiti, amene amagulitsa zipangizo zamagetsi pa Ntcheu boma. A Saiti anati aitanitsa ku Lilongwe, ndipo ali ndi mmisiri woti akhoza kubwera kudzaimanga. A Silvester anathokoza n'kukana. Mmisiri amakhala ndi mphuno, komanso mkazi kunyumba.

Vavu inafika pa minibasi Lachisanu masana. A Silvester anakokera mpando wa a Lufina pakhomo la khitchini kuti aziwaona akugwira ntchito. Waya wakumtunda anaumanga ulusi wofiira kuti asasokoneze, kenako anazula mawaya onse awiri. Kachitsulo kofinya paipi yaing'ono ya mkati kanawavuta. Kanapulumuka pa pulayazi n'kuwang'amba chala, iwo n'kutukwana mawu amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa. A Lufina anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Vavu yatsopano inalowa bwinobwino, mawaya m'malo mwake, paipi yamadzi n'kuimanga zolimba. Atatsegula mpope, madzi anawathira pathalauza ponse.

Anatseka, kumangitsanso, kutsegula. Chimodzimodzi. Anayamba kuganiza zoti a Saiti awagulitsa chinyengo.

"Mphira," anatero a Lufina.

Dzanja lawo lamanzere linkaloza pansi pa tebulo. Kamphira kozungulira ka pakamwa pa paipi kanali pompo, pafupi ndi mwendo wa tebulo. A Silvester anakatola osayang'ana kumpando, kukaika, kumanga. Sipanadonthenso. Koma magetsi anali atazima, ndipo anayaka Loweruka m'mawa.

Anachapa maulendo atatu. Vavu inkati tha, madzi n'kumalowa phokoso lake likumveka mpaka panja. Chingwe cha kuseri chimakwana mashiti awiri basi, choncho anamanga china kuchokera pa mtengo wa pichesi kukafika pa nsanamira ya khonde. A Dailes sanafikepo dzuwa lisanapendeke, ndiye a Silvester anawerengera kuti adzapeza zonse zitapindidwa.

Tsikulo a Dailes anapeza lole ya kachewere. Teni koloko anali pabwalo, chikwama chachikulu chopanda kanthu chili chopinda m'khwapa.

Moni anayankha ndi pakamwa pokha, maso ali pachingwe. Anayenda kuchokera pa pichesi, akugwira chimodzichimodzi: mashiti, zitenje zimene a Lufina ankavala ku Mvano, bulangete, nsalu ya patebulo. Atafika pa katani anaima nthawi yaitali. Munthu amene walera ana asanu ndi awiri ndi kuika makolo onse awiri safuna kuuzidwa tanthauzo la chingwe choterocho.

"Alamu, zinayamba liti?"

"Febuluwale."

"Nokha?"

A Silvester anangoyang'ana chala chawo chomanga kansanza.

A Dailes analowa m'nyumba. A Silvester anawatsatira mpaka m'khitchini n'kukhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi makina, momwe munali ulendo wachinayi. Mantha anawagwira. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula. Anamva a Dailes akuvundukula zofunda, kenako chete. Ankadziwa zimene akufufuza: zilonda za kumsana zimene odwala ogona amatuluka. Panalibe ngakhale chimodzi.

"Lufina, ndabwera ndi chikwama. Tipite kwathu?"

Yankho linachedwa, monga mawu onse a a Lufina ankachedwera. Makina anasiya kuzungulira, vavu n'kuti tha, madzi otsukuluzira n'kuyamba kulowa.

"Pano."

A Dailes anatuluka n'kuima pakhomo la khitchini. Anayang'ana mlamu wawo, kenako makina, nkhope ili ngati ya munthu amene wakumana ndi mpongozi amene sanamufune. Anati ku Kandeu adzapita Lachitatu kukatenga zovala zawo kuti adzakhale pompano, chifukwa mwamuna wa msinkhu umenewo kunyamula munthu yekha n'kufuna maliro awiri. A Silvester sanatsutse.

"Ndionetseni podina," anatero a Dailes.

Anawaonetsa. Masana dzuwa linatulukako pang'ono, ndipo a Dailes anatenga chikwama chija n'kupita nacho pachingwe kukaanula zimene zinali zitauma.