Duku Lakuda M'phanga la Zithunzi

Maloto a dzana sakundichoka m'mutu. Ndinalota ndili m'phanga lija la pa khadi limene malemu mwana wanga Tiyamike ananditumizira ali pasukulu ku India. Ankati ndi phanga lakalekale la anthu achipembedzo cha Chibuda.

Munkamveka fungo la dothi lonyowa. Akazi ojambulidwa pakhoma anayamba kupuma. Anali ndi mikanda yoyera m'khosi, ndolo zolemera zokoka makutu, ndi nsalu zamizeremizere zopyapyala ngati khoko la anyezi. Zibangili zawo zinkalira ngati masipuni m'beseni.

Mmodzi anatembenuka, ndipo anali Tiyamike, atatsomeka duwa m'tsitsi.

"Amayi, duku lakudali mpaka liti? Chaka chinakwana kale. Mukundichititsa manyazi kwa anzangawa."

"Nanga ndivale chiyani, mwana wanga?"

"Za m'sutikesi yanga zija mukusungira njenjete?"

Anandimasula dukulo, manja ake ali ofunda. Utoto wachikasu unanditsalira pachipumi.

Kaya akufa amatumizadi mawu, ine sindidziwa. Koma kutacha ndinatsegula sutikesi ija, koyamba chimwalirire iye. Lero ndapita kumsika nditavala chitenje chake chofiira.