Mafunso Opanda Wofunsa

Ndinali nditangoviika mabulangete m'bafa pamene mwana wanga wamkazi anatuluka m'nyumba akuthamanga, foni ili m'manja.

"Amayi, andiyankha! Akuti intaviyu ndi lero lomwe, m'mawa uno."

"Lero? Kodi anthu amenewa amayesa timagona titavala nsapato, kudikira iwo?"

Inali kampani yogulitsa mankhwala, inkafuna wolemba katundu mosungiramo zinthu. Mwanayu anafunsira ntchitoyo kalekale, anamulembetsa mayeso a pafoni, kenako kunangoti zii. Chimalizireni sukulu wakhala akutumiza makalata uku ndi uku, osayankhidwa. Mlamu wanga, azakhali ake, anali atanena kale kuti mwezi ukatha adzamutenga kuti azikawalerera ana, ndipo ine ndinavomera. Ndikanatani? Koma ndikudziwa mmene zimathera. Mtsikana akalowa m'nyumba ya eni kukalera ana amatulukamo atakula, satifiketi itadyedwa ndi njenjete.

"Ndiye ukuimiranji? Vala uzipita."

"Sikopita, amayi. Ndi pa vidiyo, pafoni pomwepa. Akuti kumbuyo kwanga kukhale khoma lopanda kanthu, ndipo pasamveke mawu a munthu wina. Akangomva, andichotsa."

Khoma lopanda kanthu, m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi balaza! Tinatsitsa kalendala, galasi ndi zikwama za pamsomali, n'kukankha kabati. Kuseri kwa kabatiyo kunali banga la chinyontho lalikulu ngati thireyi. Ndinamuuza kuti aime pomwepo alibise ndi msana.

Kenako ndinapita kwa kalipentala woyandikana nafe, amene amakhoma kuyambira m'mawa mpaka mutu kuwawa.

"Achimwene, ndapota nanu, hamalayo ipumeko kaye. Mwana ali ndi intaviyu."

"Akalembedwa ntchito, woyamba kufunsira ndine, apongozi."

"Muyambe mwamaliza mpando wanga wa chaka chatha uja."

Anaseka, n'kuika hamala pansi.

Foni inasowa poimika. Tinayesa kuitsamiritsa ku kapu, inaterereka. Pawindo nkhope inkaoneka yakuda bii. Basi ndinapukuta manja pa siketi n'kuigwira ndekha. Ndinaima kuseri kwake, moti zolembedwa pafonipo sindinkaziona, ndinkangoona nkhope ya mwana wanga, atavala bulauzi yanga ya kumaukwati, kolala itapindika mbali imodzi. Anadina, n'kubwerera pakhoma paja.

M'fonimo munamveka mawu a mzimayi, osalala bwino, akumuuza kuti afotokoze za iye mwini. Mwanayo anapinda maondo pang'ono monga ndinamulerera.

"Zikomo, mayi. Kaya muli bwanji?"

Anadikira kuti amuyankhe. Inenso ndinadikira. Munthu ungayambe bwanji kudzifotokoza moni wako ali m'malere? Anamwetulira, n'kubwereza moniwo mokweza pang'ono, poganiza kuti netiweki yavuta. Foni inangolira kuti tii, mawu aja n'kupita ku funso lachiwiri.

Ndinaona m'maso mwake kuti wazindikira. Kunalibe munthu kumeneko. Anali makina ojambula basi, funso lililonse ndi kanthawi kake, ukachedwa lapita.

Lachiwirilo anayankha mothamanga ngati akuthawa mvula, komabe anayankha. Mikono yanga inayamba kulemera. Kuchapa ndinazolowera, koma kuimika mikono m'mwamba osagwedera ndi chilango china.

"Tiuzeni chimene mumaposa nacho anzanu," anatero mawu aja.

Mwana wanga anagwetsa maso pansi. Pakhomo pathu munthu sadzitama, ndipo wamkulu sumuyang'ana m'maso. Bambo ake ali moyo ankatero, ine ndinkatero, aphunzitsi ake ankatero.

"Ndimangoyesetsa," anatero chapansipansi. "Alipo ena odziwa kuposa ine, koma ndimayesetsa."

Mawu anandidzadza m'kamwa. Uwauze, iwe! Uwauze kuti bambo ako akudwala ndiwe unkasunga mankhwala onse, mtundu uliwonse m'kabotolo kake, osaphonyapo nthawi. Uwauze kuti unabweza mapiritsi otha ntchito ku famase, wogulitsa akukutsutsa. Ntchito imene akufunayo unaigwira kale pamphasa ya bambo ako. Koma ndikanangotsokomola, akanamuchotsa. Ndinaluma mlomo. Ndinamutuzulira maso, koma iye ankayang'ana zala za kumapazi.

Ndiye ndinagwedeza foni pang'ono kuti adzutse mutu. Iye anayesa ikugwa, anadumpha kudzaiwakha, chikhato chake n'kutseka kamera. Tii. Pobwerera pakhoma anaima pambali, banga lija lili poyera.

Mafunso otsalawo sindinawamve bwino. Pomaliza mawu aja anathokoza mwaulemu kwambiri, n'kunena kuti atidziwitsa.

"Bwereza," ndinatero, nditatsitsa mikono.

"Sizibwerezedwa, amayi."

"Ndipatse nambala yawo ndiwafotokozere ndekha."

"Palibe nambala. Uthenga wake akuti tisayankhe."

"Nanga ofesi? Ali ndi chitseko anthu amenewa, si choncho? Ndikakhala pakhomopo mpaka wina atuluke."

"Ofunsa mafunsowo ndi kampani ina, amayi, osati ya mankhwala ija. Sanalembe kumene ali."

Ndakanganapo ndi eni nyumba, manesi ndi makondakitala, ndipo nthawi zina ndimapambana. Apa panalibe woti ndimukalipire, ngakhale woti ndimugwadire.

Kalipentala anasuzumira pampanda. "Zatheka, apongozi? Ndiyambe?"

"Khomani."

Mwanayo anavula bulauzi ija n'kuipinda bwinobwino. "Amayi, chikwama chachikulu chija chili kuti?"

"Mwezi sunathe. Bwezera kabati pamalo pake."

Ndinabwerera kubafa. Thovu linali litatha, madzi atada. Bulangete lonyowa limafuna anthu awiri pofinya, koma sindinamuitane. Ndinakokera nsonga imodzi pamwala n'kuyamba kupaka sopo.