Asia ndi Njinga ya Ba Lombe

Laisensi anaitenga mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ikusesa Lusaka, koma Okutobala anafika Asia akadali wa paminibasi. Sikuti njinga zamoto zinkasowa. Zinali mbwee m'masitolo a ku Kamwala, m'mafoni, ngakhale m'makhonde mwa anthu. Vuto linali loti aliyense amene ankamufunsa ankamuuza zakezake, moti ankagona atasankha ina n'kudzuka mtima uli pa ina.

Asia anali telala wa makatani. Ankakhala ku Chelstone ndi mayi ake ndi mlongo wake wamng'ono Abdulla, m'nyumba imene anasiya malemu bambo awo, munthu wa ku Mangochi amene anabwera kuno akadali mnyamata. Nsalu ankagula ku Kamwala, kusoka ankasokera kunyumba, koma mawindo oti ayeze anali ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Ndiye tsiku linkathera pamsewu: kutsika m'tauni, kudikira minibasi ina idzaze, chimtolo cha nsalu chili pamiyendo, kondakitala akulalata kuti katunduyo watenga malo a munthu. Mayi wina wa ku Kabulonga anamudikira mpaka kutopa n'kuitana telala wina. M'mawa mwake Asia anakalembetsa kusukulu ya njinga.

Mphunzitsi wake anati ayambe ndi yaing'ono. Oyandikana nawo anati agule yatsopano, chifukwa yakale ndi kugula matenda a eni ake. Mayi ake anati asagule iliyonse.

"Nanga diresi likakodwa m'tcheni? Ndikakutole kuti ine?"

Asia anadzisokera mabuluku awiri otakasuka ndi malaya olekeza m'mawondo, n'kuwapachika poonekera. Komabe mtima wake sunakhale pansi. Ankasoka mpendero n'kupeza wakhota, n'kumasula, n'kutenga foni kuyang'ananso zithunzi zimene anali ataziona kale.

Loweruka lina Abdulla anati nkhani yatha. Mnzake Elvis wa ku Kabwata anali ndi njinga yogulitsa.

"Achemwali, mukangoiona imeneyo simufunsanso munthu."

Anaipeza itaimikidwa kuseri kwa mafulati, yakuda bii, thanki lotupa ngati chifuwa cha nkhunda. Elvis anali ataipukuta mpaka munthu kudzionerapo nkhope. Anailiza, ana amene ankasewera mpira anathawira kukhoma.

"Mwamvela, ba sisi? Iyi ni njinga. Mukangena mu Great East, mamotoka yonse yazamupasani njila."

Asia anakwera. Chishalo chinali patali, moti pansi pankagunda zala zokha za kuphazi, ndipo zogwirira zinamukoka mapewa kutsogolo.

"Yanditalikira," anatero.

"Muzolowera, achemwali," anatero Abdulla mofulumira. "Kamwana kanjinga mudzatopa nako mwezi umodzi. Tangoyesani."

Anayesa. Anatulutsa kilachi pang'onopang'ono monga anaphunzirira, njinga inanyamuka ndi mphamvu imene sanaiyembekezere, ndipo khoma la fulati linayamba kumuthamangira. Anagwira buleki. Njinga inaima ndithu, koma itaima inapendekera kumanja, phazi lake linafunafuna pansi osapapeza, ndipo chitsulo chonsecho chinamugwera. Paipi ya utsi inamuwotcha pa katumba. Anamva fungo la nsalu yopsa asanamve ululu.

Elvis anathamanga, koma anathamangira njinga. Anaidzutsa, n'kuyamba kusisita thanki pamene panakandika.

"Iwe Abdulla, si unakamba ati ndiwe uzayamba kuyendesa, ba sisi ni kugula chabe? Manje ona!"

Asia anali akadali pansi. Anayang'ana mlongo wake, mlongo wake anayang'ana nsapato.

"Ndiye umandisankhira ine, kapena umadzisankhira wekha?"

"Achemwali, ine ndimati madzulo mukaweruka..."

"Ndipatse chikwama changa."

Anamusiya pomwepo ali kukamwa yasa. Masana omwewo anali ndi makatani oti akapachike ku Woodlands, kunyumba ya Ba Mukuka, bambo wogwira ntchito m'boma. Anafika akutsimphina. Eni nyumba kunalibe. Anamutsegulira mayi awo, Ba Lombe, mayi wamfupi wa imvi zometa, wovala magalasi okhuthala. Anakhala pampando n'kumamuyang'ana akukwera ndi kutsika pa makwerero.

"Mwana wanga, seluka. Onesa mwendo."

"Palibe kanthu, amayi."

"Nenze nasi zaka zambili, osanibisa. Onesa."

Asia anatsika n'kupinda buluku. Ba Lombe anaweramira pafupi kwambiri, mphuno kutsala pang'ono kugunda bala, kenako anaseka. Anakweza chitenje chawo. Pa katumba wawo wakumanja panali chipsera chozungulira, chosalala, pamalo omwewo.

"Ya ndani njinga?"

Akumutsuka bala ndi madzi ozizira, Asia anafotokoza zonse, za minibasi, za Kabwata, za Abdulla. Ba Lombe ankangoti "mm", kenako anamugwira dzanja n'kupita naye kugalaja. Pansi pa bulangete lakale panali njinga yabuluu, yaing'ono, yosuluka utoto, yokhala ndi choikapo katundu chachitsulo chimene wina anawotcherera kumbuyo. Anati ali namwino, pamenepo ankamangirira bokosi la katemera, akuzungulira midzi ya ku Luapula, m'mchenga ndi m'matope. Atapuma ntchito anabwera nayo ku Lusaka, ndipo ankapita nayo kutchalitchi mpaka chaka chatha, pamene maso anayamba kuchita chifunga, Mukuka n'kubisa kiyi.

"Kwela."

Asia anakwera. Mapazi onse awiri anakhala pansi, chidendene ndi zala. Anaipendeketsa uku ndi uku, njinga inamumvera ngati mwana wobereka kumsana.

"Mugulitsa, amayi?"

"Nizagulisa. Ichita chani muno?"

Koma Lolemba m'mawa foni inalira. Ba Lombe anati sanagone, aganiza bwino, njinga sigulitsidwa. Lachiwiri anaimbanso kuti abwere adzatenge. Asia ali kale pa siteji, anaimbanso kuti adikire kaye, mwina madokotala akonza maso. Sabata imeneyo Asia anadula katani la munthu molakwika, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Kunyumba iye ndi Abdulla ankadutsana pakhomo ngati alendo a pa depoti ya mabasi ya Intercity. Mayi awo ankafunsa kuti kwagwanji, onse awiri ankati palibe.

Lachisanu anati basi, zakwana. Atagula nsalu ku Kamwala analowa m'sitolo ya njinga zatsopano. Anakhala pa yofiira, chishalo chikadali m'pulasitiki. Mapazi anafika pansi ndithu. Wogulitsa ankayankhula za petulo ndi za masipeya, iye akungogwedeza mutu, maso ali kumbuyo kwa njingayo, kumene kunali kachitsulo kakang'ono kosakwana ndi mtolo umodzi womwe wa makatani. Anatsika, anazungulira, anakweranso. Anatuluka panja pakati pa mawilibala ndi anthu okankhana, anabwereranso. Wogulitsa anayamba kumuyang'ana ngati wakuba. Foni inalira.

"Bwela mailo," anatero Ba Lombe. "Nasiliza kuganiza."

Tsiku lotsatira anapeza njinga ili pabwalo. Ba Mukuka anali ataitanitsa makaniko, anasintha oyilo ndi matayala, ndipo za mtengo ndi mapepala anamaliza nawo pakhonde mosavuta. Bamboyo ankaoneka ngati munthu amene akutula katundu wolemera. Ba Lombe anatuluka atavala nsapato zotseka, helemeti yoyera ili m'manja, ndipo Asia anadziwa kuti pali china.

"Chintu chimozi chabe, mwana wanga. Unipeleke kumbuyo. Tizunguluke Woodlands, nimvele mpepo, elo utenge."

Ba Mukuka anatsegula pakamwa, mayi awo anawaloza chala, anatseka.

Asia anayang'ana kiyi amene anali m'dzanja la mayiyo. Akanangoti inde. Misewu ya ku Woodlands ndi yotakata, Loweruka magalimoto sachuluka. Koma bala linali likumunyerenyetsa m'bandeji, ndipo anakumbukira mmene phazi lake linafunira pansi osapapeza.

"Amayi, sindinanyamulepo munthu. Ngakhale thumba la chimanga sindinanyamulepo. Ndikakugwetsani."

"Ine nagwa kambili kupambana zaka zako."

"Munkagwa nokha. Ine sindingakugwetseni."

"Ninshi siunifuna? Ufuna chabe njinga yanga?"

"Ngati ndi choncho, amayi, itsale."

Mawuwo anatuluka okha. Ba Lombe anamuyang'ana nthawi yaitali kudzera m'magalasi aja. Kenako anaponya kiyi pa chishalo, anaika helemeti pansi, analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

"Tengani, ba Asia," anatero Ba Mukuka chapansipansi. "Mukaisiya, tsiku lina nizapeza baichosa beka."

Asia anavala helemeti pamwamba pa mpango wake. Inkanunkhira mafuta a m'mutu a munthu wina. Analiza injini, anaponda giya, anatulutsa kilachi, njinga inadumpha n'kuzima. Analizanso, inazimanso pageti penipeni. Windo la kuchipinda linatseguka mwamphamvu.

"Iwe! Pang'ono pang'ono kilachi! Siwamvela pamene igwila? Uzanipayila njinga!"

Ulendo wachitatu inayenda. Asia sanacheuke, ankaopa kuti akacheuka agwa.

Mpaka ku Kabulonga zinthu zinayenda bwino, mithunzi ya mitengo ikumudutsa pankhope. Koma atayandikira msewu waukulu wa Great East, msewu unasanduka mtsinje wosefukira. Pa maloboti njinga inazima, minibasi ya kumbuyo inaliza hutala ngati kwagwa maliro, kondakitala anatulutsa mutu.

"Ba mayo, ngati yakukangani ikeni pamutu!"

Asia anatsitsa mapazi onse awiri, anapuma, analiza, ananyamuka. Pa raundabauti anapezeka ali mkati, galimoto lalikulu lamchenga litamutsekera potulukira, ndipo anazungulira n'kuzunguliranso, thukuta likumulowa m'maso, akunong'ona Bisimila, mpaka mpata unapezeka. Atatuluka anamva mphepo ikulowa m'manja mwa malaya, ndipo anazindikira kuti akudutsa mzere wa anthu oima pa siteji ndi katundu wawo.

Anaima pafupi ndi msika wa Chelstone chifukwa manja anali atauma pa zogwirira. Atatsika anakhala pa mwala pafupi ndi mayi wogulitsa mapeyala. Foni inali italira kangapo m'thumba. Anali Ba Lombe.

"Wafika?"

"Ndili pamsika, amayi."

"Wagwa?"

"Ayi. Inangozima pa maloboti."



"Ukaimika panyumba, uvale kampopi ka petulo, kali kumanzele pansi pa tanki. Imadonta. Mukuka siaziba."

Foni inaduka asanayankhe. Asia anagwada pafumbi, anapapasa pansi pa thanki mpaka anakapeza kampopiko, anakatseka n'kukatsegula kangapo kuti dzanja likazolowere. Mayi wa mapeyala anamufunsa ngati njingayo yawonongeka. Iye anati ayi, anagula mapeyala awiri, anawamangirira kumbuyo ndi mpendero wotsala wa katani, n'kukweranso.